NDULU IKATAYIKA M'MIMBA

Mawu a za umoyo kwa anthu a pa Chitakale



Aliyense amene anaphapo mbuzi adziwa kathumba kobiriwira kokhala pa chiwindi, ndipo adziwanso kuti kakaphulika nyama iwawa. Munthunso ali nayo ndulu. Chiwindi chake chimapanga theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo nduluyo imatsata timisempha kunka m'matumbo kukagaya mafuta.

Pa msewu wodzera pa Chitakale kunka ku Muloza pamayenda magalimoto ndi njinga za kabaza zambiri. Munthu akagundidwa kudzanja lamanja, m'munsi mwa nthiti, chiwindi chingathe kung'ambika. Magazi otayika amadziwika msanga, koma ndulu imadontha pang'onopang'ono. Wovulalayo angabwerere kwawo akuyenda yekha. Patapita masiku angapo, pena sabata yathunthu, mimba itupa ndi kupweteka, thupi litentha, nsima aikana, ndipo nthawi zina maso asanduka achikasu. Abale ayesa ndi malungo, ena ati walodzedwa, ndipo masiku angopita chabe.

Nanga dotolo aiona bwanji ndulu yobisika m'mimba? X-ray, imene Röntgen anaitulukira mu 1895, ionetsa nthiti zothyoka, koma ndulu siionetsa ayi. Chofunika poyamba ndi sikani, yomwe ija apimira amayi oyembekezera. Iyo ionetsa ngati madzi adikha pafupi ndi chiwindi. Koma sikaniyo siinena ngati madziwo ndi magazi kapena ndulu. Choncho dotolo alowetsa singano akuyang'ana pa chithunzi, napopa pang'ono kuti awaone ndi kuwapima. Pofuna kudziwa kukula kwa bala la chiwindi, pafunika makina ena otchedwa CT, ndipo chifukwa cha zotere odwala ena atumizidwa ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha Queen Elizabeth, chija anthu ati Gulupu.

Bala likakhala laling'ono, dotolo aika kapaipi kotulutsira ndulu kunja, ndipo kawirikawiri bala lipola lokha. Likakhala lalikulu pafunika opaleshoni. Koma ndulu yosiyidwa m'mimba ichita mafinya, ndipo munthu angafe nayo.

Choncho wogundidwa pamimba, mimba ikayamba kutupa, asatemedwe mphini. Atengedwe tsiku lomwelo kunka ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mishoni, ndipo abale auze dotolo za ngozi ija, ngakhale inachitika masabata awiri apitawo. Aphunzitsi auze ana a sukulu, mafumu alengeze m'midzi.