Tisanagule simenti, tifunse: chikalata chili m'dzina la ndani?

 Lero tikambe za nyumba.

Ambirife tikulota zokonza kanyumba kuno kunyanja kuti tizigonekamo alendo ochokera ku Lilongwe. Ndi nzeru yabwino, koma tiwerengere kaye. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti sizikhazikika mtengo. Pa bajeti tiziikapo kapamwamba, ndipo mmisiri tizimulipira pang'onopang'ono, ntchito ikamaoneka. Tisaiwalenso 2024, nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo konkuno. Nyumba yoyandikira madzi timaikonza kawiri.

Nanga ndalama tizitenga kuti? Banki mkhonde imathandiza pa penti ndi zitseko, koma chiwongola dzanja chake n'cha pamwezi, sitingafolerere denga lonse. Katapila ndiye ayi. Kubanki amafuna chikole, ndipo nthawi zambiri chikolecho ndi chikalata cha malo.

Apa ndi pomwe timapwetekera, asisi. Timatenga ngongole m'dzina lathu n'kukonzera nyumba yomwe chikalata chake chili m'dzina la bambo a kunyumba kapena achimwene. Banja likatha, kapena kukagwa zovuta, ngongole imatsala ndi ife, nyumba n'kupita.

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limatilola kukhala ndi katundu patokha kapena limodzi ndi ena. Ndiye dzina lathu lilembedwe tisanagule thumba loyamba. Malisiti tizisunga, ngakhale a misomali.