Mpira wa Kumudzi Ukutha ndi Ulendo wa ku Tauni

Kalembera wa mu 1977 ndiponso wa mu 2018 anasonyeza chinthu chimodzi: Amalaŵi ambiri amakhala kumudzi. Komabe kumudzi komweko timu ya mpira wamiyendo imalephera kukwanitsa osewera 11 Loweruka masana.

Mnyamata sachoka chifukwa chonyoza bwalo la kwawo ai. Chimamchotsa ndi ntchito. Kale anyamata ankalembetsa Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ulendo unafupika. Tsono matimu a m'tauni, monga Silver Strikers ya Reserve Bank ndi Blue Eagles ya apolisi, ali ndi nyambo imene nyakwawa ilibe, ndiyo malipiro a pamwezi. Koma ofika kumeneko ndi oŵerengeka. Ambiri amathera pa ulonda ndi ukabaza, mpira osaugundanso, pamene kwawo zigoli zikudyedwa ndi chiswe.

Palibe angaletse munthu kukafuna ntchito. Chimene akuluakulu a zamasewero m'maboma angachite ndicho kuika mipikisano anthu atakolola, anyamata asanabalalike, ndi kupereka mipira kwa aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale, kuti goloboyi akakwera basi apezeke mwana woloŵa m'malo mwake.