Intaneti Yochokera Kumwamba: Kodi Kalabu Yathu Ingaikwanitse?

(Mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa omvera wailesi)

 Mwandipempha kuti ndifotokoze za intaneti ya masetilaiti imene achinyamata akuitchula kuti Starlink. Ndilankhula mwachidule, mafunso abwere pambuyo.

Tonse timazidziwa mbale za wailesi yakanema zija zimakhala pa madenga. Zimayang'ana mbali imodzi chaka ndi chaka chifukwa setilaiti yake ili kutali zedi, makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imazungulira limodzi ndi dziko, ndiye imaoneka ngati yaima. Intaneti ikadzera mtunda umenewo imachedwa: mukalankhula, mnzanu amayamba wadikira kaye.

Masetilaiti atsopanowa ndi osiyana. Ndi ang'onoang'ono, ali pafupi, makilomita ngati 550 okha, ndipo iliyonse imazungulira dziko lonse pa ola limodzi ndi theka. Popeza imodzi imadutsa msanga, pamafunika ambirimbiri kuti ina ikamachoka, ina izifika. Kampani ya ku America ya SpaceX idaponya 60 oyamba m'chaka cha 2019, ndipo pofika 2025 adapitirira 7,000. Mukadzaona timagetsi tikuyenda pamzere kumwamba kukangoda, musathamangire kunena kuti ndi ndege za ufiti ayi. Ndi masetilaiti omwewa, amene angoponyedwa kumene.

Kuno ku Mozambique ntchitoyi idayamba mu 2023, chaka chomwecho ndi kwa anzathu ku Malawi ndi ku Zambia. Ubwino wake ndi wakuti siyidikira nsanja ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel pafupi ndi mudzi. Kumbukirani za Beira mu Marichi 2019, namondwe Idai atawononga nsanja ndi mawaya: anthu adakhala masiku osamva za abale awo. Pa nthawi ngati imeneyo, kambale kamodzi kokhala ndi magetsi kangathandize dera lonse kuitana thandizo.

Koma abale, tisatengeke. Pali zinthu zitatu. Choyamba, zipangizo zimagulidwa, ndipo ndalama yake si yochepa. Chachiwiri, mwezi uliwonse pali malipiro. Mukalephera, imaima basi, ngakhale mbale ili pa denga. Chachitatu ndi magetsi. Kambaleka kamadya moto nthawi yonse imene kakugwira ntchito, ndiye kumene kulibe mawaya a magetsi pamafunika sola ndi batire lamphamvu, osati kasola kotchajira foni kaja. Pamafunikanso malo oonekera kumwamba, opanda mitengo yophimba, ndipo mvula ikakula intaneti imafooka.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Banja limodzi la mlimi wa chimanga kapena mbatatesi silingasenze mtolo umenewu lokha. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mbale imodzi imagawira mafoni angapo kudzera pa wifi, choncho kalabu, sukulu ndi chipatala zikhoza kugwirizana. Koma tisanasonkhe metikali ngakhale imodzi, tigwirizane kaye: ndalama asunga ndani? Mbale ikhala pakhomo pa yani? Mwezi wa njala, Januwale ndi Febuluwale, tilipira bwanji? Tikapanda kuyankha zimenezi, tidzagula chinthu chodzayambanitsa abale.

Pomaliza, wina adandifunsa ngati wailesi yathu ithe ntchito. Iyayi. Agogo amene sadziwa kuwerenga, ndi mayi amene alibe foni yaikulu, adzamvabe za mitengo ya mbewu ndi chenjezo la mvula kudzera pa wailesi, m'chinenero chathu. Intaneti ithandize atolankhani athu kupeza nkhani msanga, wailesi izifikitsa pakhomo.

Pemphero langa kwa a komiti ndi lakuti akafufuze mitengo yeniyeni ya zipangizo, sola ndi malipiro a pamwezi, adzatiwerengere pa msonkhano wamawa tisanavote.