Msana wa Ngalawa ya Chitsulo

Mphepo ikakankha thanga, ngalawa imapendekeka. Chimene chimaiwongola ndi msana wake wolemera, umene umakhala pansi pa madzi. Pa ngalawa ya chitsulo, msanawu umapangidwa ngati bokosi lalitali ndi lopapatiza.

Mmisiri wodziwa sawotcherera mbali imodzi yonse nthawi imodzi, pakuti chitsulo chimakoka pamene chikuzizira. Amagwira pang'ono uku, pang'ono uko. Msana ukakhota, ngalawayo idzakokera mbali imodzi masiku ake onse.

Akatha, amapaka choko kunja kwa msoko ndi palafini mkati mwake. Palafini amalowa ngakhale pa kaming'alu kosaoneka ndi maso, ndipo choko chikada, ndiye kuti pamenepo pali kabowo.

Tsono m'bokosimo amaikamo mtovu, umene umalemera koposa madzi ka 11. Ena amausungunula pa madigiri 327 ndi kuuthira pang'onopang'ono. A m'thumba mochepa amaikamo zidutswa za chitsulo ndi simenti. Pamwamba amatsekapo zolimba, chifukwa madzi amchere akangolowa, dzimbiri limayamba kudya chamkati, kumene dzanja silingafike ndi penti. Cholakwa cha pamenepa chimadzadziwikira pakati pa nyanja.

Ngalawa yomangidwa bwino imapirira zoopsa. M'chaka cha 1982 namondwe adaponyera kumtunda Joshua, ngalawa ya chitsulo ya Bernard Moitessier, ku Cabo San Lucas m'dziko la Mexico. Milongoti idathyoka, koma thunthu lake, lomangidwa mu 1962, silidasweke. Idakonzedwa, nkuyandamanso, ndipo tsopano imasungidwa ku La Rochelle, ku France.