CHIKONZERO CHA ALLAH NDI UDINDO WA MUNTHU

Chidule cha khutba ya Jumu'ah, Mtakataka

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, ana athu akubwera ndi funso. M'mawa kusukulu amaphunzira kuti kolera imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'madzi oipa. Masana kumadrasa timawaphunzitsa kuti palibe chochitika popanda chikonzero cha Allah. Tsono akufunsa: ngati tsiku la imfa lidalembedwa kale, kuwiritsa madzi kuli ndi phindu lanji? Tisawakalipire. Mwana amene funso lake lakanidwa kumzikiti amakafuna yankho kwina.

Funsoli lakhudzapo miyoyo yathu. Kolera imene idabuka ku Machinga mu Marichi 2022 idafalikira m'maboma onse ndi kupha anthu oposa 1,700, ndipo madera a m'mphepete mwa nyanja adavutika kwambiri. Pamaliro tidatonthozana ponena kuti n'chifuniro cha Allah. Tidanena zoona. Koma ena mwa ife tidagwiritsa ntchito mawu omwewo pokana kukumba chimbudzi kapena pochedwa kupititsa wodwala kuchipatala.

Cha m'ma 639, Khalifa Umar (RA) ali pa ulendo wa ku Sham adamva kuti kumeneko kwagwa mliri. Adafunsa maganizo a maswahaba, nabwerera. Abu Ubaidah (RA) adamufunsa ngati uku sikunali kuthawa chikonzero cha Allah. Umar adamufotokozera kuti kubwererako nakonso kunali mkati mwa chikonzero chomwecho, monga mbusa amene wasankha msipu wabwino kusiya wouma sanatuluke m'manja mwa Allah.

Apa ndi pamene pagona yankho. Allah adalemba mapeto, adalembanso njira zofikira kumapetowo. Amene adalenga kachilombo ndi yemwenso adalenga moto wowiritsira madzi ndi nzeru za dokotala. Zimene zidalembedwa sitikuzidziwa. Chimene tikudziwa ndi chimene tidalamulidwa, ndipo pa Tsiku la Chiweruzo tidzafunsidwa za chimenecho. Msodzi amayedzamira kwa Allah, komabe amamata bwato lake asanalowe panyanja. Mlimi wa ku Golomoti amapempha mvula, koma mbewu amadzala yekha.

Choncho mphunzitsi wa sayansi ndi mwalimu wa kumadrasa sakutsutsana. Wina akufotokoza m'mene chinthu chimachitikira, wina akufotokoza Mwini wake. Tiwatumize ana athu konse kuwiri, aakazi ndi aamuna omwe.

Mvula isanayambe, banja lililonse likonze chimbudzi, madzi akumwa athiridwe mankhwala, ndipo wotsegula m'mimba asagone naye m'nyumba. Tikachita mbali yathu imfa n'kubwerabe, pamenepo tipirire popanda kudziimba mlandu, pakuti kwa Iye ndi kobwerera.

Allah atipatse maphunziro aphindu, achiritse odwala athu ndi kuwakhululukira amene adatsogola. Ameen.