MAU A PA NYENGO YA ADVENTI



Pa jubile ya misyoni yathu tikumbukira zaka zimene zapita. Koma Eklezia, mai wathu, ali nayo nyengo imene atiphunzitsa kupenya kutsogolo, ndiyo Adventi. Dzinali lichokera ku Chilatini, ndipo litanthauza kufika. Nyengoyi iyamba pa Lamulungu loyandikana ndi tsiku la 30 Novembala, nitha usiku wa Khrisimasi, ndipo ndiyo chiyambi cha chaka cha Eklezia.

Mwambo umenewu suli wa dzulo. M'zaka za m'ma 400, Episkopi Perpetuus wa ku Tours, m'dziko la France, analamula Akristu ake kusala chakudya masiku atatu pa sabata, kuyambira tsiku la Martin Woyera, pa 11 Novembala, kufikira Khrisimasi. Ku Roma anakhazika masiku a Mulungu anai amene tisunga ife lero. M'masiku amenewa wansembe avala zofiirira, ndipo nyimbo ya Gloria tiyamba taileka, kuti tikaiimbe ndi mtima wolakalaka pa usiku wa kubadwa kwa Mpulumutsi.

Akristu a ku Ulaya nyengoyi iwapeza m'chisanu. Ife itipeza pa mvula yoyamba, ndipo m'menemo Mulungu watipatsa fanizo losasowa womasulira. Taonani mlimi: asosa m'munda, nakweza mizere dzuwa lili kuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Chimanga cha mbeu achipachika ku tsindwi, ndipo ngakhale nkhokwe itsike, mai wanzeru sachitsitsira mu mtondo. Mlimiyo sangathe kulamula mvula. Ntchito yake ndi kukonzeka. Ndipo ikagwa, igwa pa minda yonse mofanana, koma m'munda wolimidwa imeretsa chimanga, m'munda wa mlesi imeretsa thengo. Kudikira kwa Mkristu nkotero: kuli ndi khasu m'manja.

Nanga tidikira yani, popeza Yesu anabadwa kale? Bernard Woyera wa ku Clairvaux, amene anamwalira m'chaka cha 1153, anaphunzitsa kuti kufika kwa Ambuye kuli patatu. Anafika ku Betelehemu ali khanda losauka. Adzafikanso mu ulemerero kudzaweruza anthu onse. Ndipo pakati pa ziwirizi afika mobisika mu mtima wa munthu aliyense womlandira. Koyamba kuja sitinakuone, kotsiriza sitidziwa tsiku lake. Kwapakatiku ndiko kwathu, ndipo munthu angathe kukutaya osazindikira.

Makamu atafunsa Yohane Mbatizi chimene ayenera kuchita, iye sanawauze zozama. Wa malaya awiri anamuuza kugawira mnzake wausiwa, okhometsa msonkho anawaletsa kulandira mopyola muyeso, asilikali anawaletsa kulanda. Momwemonso ife. Kodi pali mbale amene simulankhulana naye chifukwa cha malire a munda? Pitani kwa iye masabata awa asanathe. Kodi muli ndi ngongole imene mwaiiwala dala? Bwezani. Kodi pa mudzi panu pali mai wamasiye amene munda wake ukali wosalima? Mpatseni tsiku limodzi la khasu lanu. Mukatero, idzani ku kulapa. Mpunga, nkhuku ndi nsalu yatsopano sizili zoipa. Koma nyumba yosesedwa pabwalo pokha mlendo sakhalitsamo.

Ndipo inu akatekisiti, mau anga otsiriza ndi anu. Wansembe sangathe kufika pa mudzi uliwonse, makamaka mitsinje ikadzala. Kumeneko ndinu amene muimba belu, ndinu amene musonkhanitsa ana. Ngati inu simuwaphunzitsa Adventi, adzadziwa tsiku la phwando lokha, osadziwa Mwini phwando. Amene anaumba njerwa za tchalitchi lino sanaone khamu limene liri pano lero, anadzala, nadikira. Mbeu yao ili tsopano m'manja mwanu: musaidye.

Maria Virigo Woyera, amene anadikira Mwana wake ndi mtima wofatsa, atipempherere, kuti Ambuye pakufika atipeze tili maso. Amen.