Soya si mmodzi: mawu a mneneri wa khonsolo kwa alimi a kwa Chulu



Ambiri mwa inu mwachepetsa fodya n'kuyamba kudalira soya, ndipo poti aganyu opalira akwera mtengo, mwatembenukira ku mankhwala opha udzu. Zimenezo n'zabwino, koma dziwani kuti soya si mmodzi. Tikolore, Makwacha, Nasoko ndi Serenade ndi mitundu yosiyana, ndipo mankhwala amene mtundu wina wapirira, wina akhoza kupserera nawo.

Titenge metribuzin, amene amapoperedwa mbewu isanamere. Soya akamumwa kudzera m'mizu, mitundu ina imamusungunula msanga m'thupi mwake, pomwe ina imachedwa, masamba n'kuchita chikasu, kenako n'kuuma. Vutoli limakula pa dothi lamchenga lopanda manyowa, ngati la minda yambiri kuno, makamaka mvula yamphamvu ikakokera mankhwalawo kumizu. Choncho zimene zinayenda bwino kwa mnzanu wa pa katondo zisakupusitseni.

Chachiwiri ndi glyphosate, amene ambiri mumangomutcha Roundup. Mwina munamva kuti ku South Africa ndi ku Brazil amamupopera pamwamba pa soya womera. N'zoona, koma umenewo ndi soya wosinthidwa chibadwa ndi asayansi, amene anayamba kulimidwa ku America mu 1996. Mitundu ndatchula ija si yotero. Mukaipopera itamera, munda wonse upita pamodzi ndi udzu, ngongole ya mbewu n'kutsala pakhomo.

Chachitatu, mankhwala a chimanga okhala ndi atrazine amapha soya, ndipo amatha kutsalira m'nthaka. Tsukani sipuleya bwinobwino, ndipo pochita kasinthasintha wa mbewu kumbukirani zimene munathira m'mundamo chaka chatha.

Pempho la khonsolo n'lakuti gulani mbewu yovomerezeka yodziwika dzina, pakuti yongotapa pamsika simungadziwe kupirira kwake. Mankhwala akhale olembetsedwa ku Pesticides Control Board, m'botolo lake lokhala ndi lebulo, osati otsanulira m'botolo la zakumwa. Werengani lebuloyo, tsatani muyezo, ndipo chaka choyamba yesani pa mizere yochepa.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ofesi ya zaulimi ya Chulu muli nayo pafupi: tengani dzina la mbewu yanu ndi botolo la mankhwala, mukawaonetse alangizi musanatsegule chitsekerero.